Mizere ya Apongozi pa Kapinga

Christopher Mbewe ndi munthu wa kapinga. Ku Senga Bay, kumene mchenga umalowa m'nsapato, m'mano ndi m'mabedi a alendo, iye wakhala zaka zambiri akukakamiza udzu kumera pamene sufuna. Amasamalira maluwa ndi bwalo pa loji ina. Nyengo ya mwera amasesa masamba amene mphepo yawabwezera pomwe anasesa dzulo. Kukatentha amakoka paipi uku ndi uku ngati woweta njoka. Dzinja likafika amalimbana ndi chiswe. Apusi amamudziwa, nayenso amawadziwa, ndipo sapatsana moni.

Koma chimene Christopher anatchuka nacho poyamba si kapinga. Anatchuka ndi kuthawa apongozi.

Anakwatira ku Chitala, kumtunda kwa alimi a chimanga, ndipo anakhalako pachikamwini asanatenge mkazi wake Ruth kubwera naye kunyanja. Kumeneko mkamwini waulemu sayang'ana apongozi ake aakazi kumaso, sakhala nawo pamphasa imodzi, ndipo akakumana panjira amapatuka. Akamwini anzake ankapatuka pang'ono, mongokwaniritsa mwambo. Christopher ankapatuka ndi mtima wonse. Tsiku lina ataona Anabanda, mayi ake a Ruth, akubwera ndi mtolo wa nkhuni pakanjira ka kudimba, analumphira patchire osayang'ana, nagwera m'chitedze. Anadzikanda tsiku lonse koma sanadandaule. Anthu a ku Chitala amaikambabe nkhaniyo akafuna kudzudzula akamwini a masiku ano.

Kwawo kwa Ruth, ana akasinkhuka, apongozi amatha kugwira nkhuku n'kupatsa mkamwini, kuti kuyambira pamenepo azimasukirana ndi kucheza ngati mayi ndi mwana. Anabanda sanali munthu wofulumira. Anna, mwana woyamba wa Christopher, anabadwa, anayenda, anapita kusekondale, nkhuku osaoneka. Christopher sanafunse. Mkamwini safunsa nkhuku.

Kenaka Anabanda anayamba kuiwala. Poyamba zinali zazing'ono, monga kuthira mchere kawiri m'ndiwo. Pambuyo pake anaiwala kuti amuna awo anamwalira, nayamba kuwasungira chakudya. Ndiye m'mawa wina anapezeka pakhomo pa eni m'mudzi wina, khasu lili paphewa, osadziwa kuti afikapo bwanji. Aliyense wokulira kumudzi akudziwa zimene anthu amanena nkhalamba ikapezeka m'mamawa pakhomo pa eni. Anati agwa m'lichero akuuluka. Ena anali atatola kale miyala pamene mphunzitsi wina wopita kusukulu anawazindikira. Ruth anakwera minibasi tsiku lomwelo kukawatenga.

Ruth amachapa ndi kusita pa loji yomweyo, choncho masana pakhomo sipakhala munthu. Mwamwayi, kuseri kwa msika mpingo wina uli ndi nyumba yosamaliramo okalamba. Ndi nyumba yamalata, ya khonde lalitali, mtengo wa mango uli pakati pa bwalo, ndipo mpanda wake wa nkhadze uli ndi mipata ngati mano a okhalamo. Anabanda analandiridwa kumeneko. Achibale amapemphedwa kuthandiza mongodzipereka, aliyense ndi zimene angathe. Christopher anasankha kubzala kapinga kuseri kwa nyumba, kutali ndi khonde, kumene apongozi sangamuone.

Anamuona Loweruka loyamba lomwe.

"Mcdonald! Iwe Mcdonald!"

Mcdonald anali mlongo wawo wamng'ono, amene ankalima naye munda umodzi ali achinyamata, ndipo anamwalira kalekale. Christopher atacheuka anaona apongozi ake akubwera atatambasula manja, akumutchula kuti iwe. Anaponya keni yothirira, nazungulira mtengo wa mango. Anabanda anamutsatira. Iye anazunguliranso, nkhope ili kumbali, akuomba m'manja uku akuthamanga.

Mayi Joyce, amene amaphikira okalambawo, anatuluka m'khitchini atagwira chipande.

"Imani, a Mbewe! Saluma! Kapena tikubzalireni chitedze pafupi kuti muzikhala ndi pogwera?"

Christopher anatulukira pampata wa nkhadze. Zinakhala choncho Loweruka lililonse.

Okutobala anafika ndi dzuwa lake. Nyenje zinayamba kulira m'mitengo, utsi wa lupsa unaphimba mapiri, mango anayamba kulemera panthambi. Anabanda anali ataiwala dzina la mwana wawo, Ruth ankamutcha nesi, koma nyengo sanaiiwale. Thupi lawo linadziwa kuti ino ndi nthawi yokonza munda. Anayamba kudzuka m'mawa, kutenga khasu limene Christopher ankasiya kuseri, n'kutuluka. Ulendo wina anyamata a kabaza anawapeza pamsewu wa tala wopita ku Salima, minibasi zikuwadutsa pafupi. Ulendo wina amayi oyanika usipa anawapeza pakati pa mathandala, akufunsa njira ya kumunda. Khasulo Christopher analibisa, koma iwo ankalipeza.

Bambo Robert, apampando a komiti ya nyumbayo, anaitana Ruth ndi Christopher. Ndi munthu wofatsa, ndipo analankhula akuyang'ana pansi.

"Tilibe mlonda, mpanda mukuuona nokha. Akagundidwa ndi galimoto tidzati chiyani? Akatulukanso, tidzapempha kuti abwerere kwa abale ku Chitala."

Ruth anayang'ana mwamuna wake. Christopher ankadziwa chimene chinkadikira ku Chitala. Miyala ija sinapite kulikonse.

Sabata yomweyo kunabwera namwino wochokera ku Salima, mayi Zuleka, kudzaphunzitsa ogwira ntchito ndi odzipereka onse za matenda oiwalaiwala. Anali mayi wamfupi, wa mpango wobiriwira, wolankhula mosathamanga. Anakhala pansi pa mtengo wa mango uja, ophunzira ali pamabenchi. Christopher anakhala kumapeto kwenikweni, atafulatira khonde.

"Choyamba," anatero mayi Zuleka, "uwu si ufiti. Si mwano, ndipo sakuchitira dala. Ubongo umadwala monga limadwalira bondo. Tayerekezani nkhokwe imene anankafumbwe ayamba kudya kuchokera pamwamba. Chimanga cha chaka chino chatha, koma chakale cha pansi chidakalipo. N'chifukwa chake agogo aiwala kuti adya phala, koma nyimbo ya paukwati wawo akuidziwa yonse."

"Ndiye akamati sindinawapatse phala, mbale ili m'manja, nditani?" anafunsa mayi Joyce. "Ine ndimawaonetsa mbaleyo."

"Amavomera?"

"Amati ndadya ndine."

Onse anaseka. Mayi Zuleka anati kutsutsana ndi wodwala matendawa kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. Wodwala umamudzera kumaso, osati kumbuyo. Umakhala pansi kuti mufanane msinkhu, umamuyang'ana m'maso, umalankhula mawu ochepa, ndipo akalola umamugwira dzanja.

"Ndiponso wotuluka pampanda sikuti akuthawa inu. Pali chimene akufuna. Inu pezani chimenecho."

Atapuma, mayi Zuleka anati ayeserere zimene aphunzirazo. Mayi Joyce anadzimanga chitenje kumutu, natenga tsache ngati ndodo, nayamba kuyenda mopindika msana akulira kuti akufuna kwawo. Mayi Zuleka analoza Christopher. Iye anachita bwino ndithu, pakuti pa loji anazolowera alendo osochera ofuna zipinda zawo. Anadzera kumaso, anagwada, analankhula motsitsa mawu. Mayi Zuleka anali akugwedeza mutu movomereza pamene mayi Joyce, mwa ukathyali wawo, anasintha mawu nafuula ngati Anabanda.

"Iwe Mcdonald!"

Miyendo ya Christopher sinadikire kufunsa mutu. Anadumphira kumbuyo, nanjuta moyang'anizana ndi mtengo wa mango, akuomba m'manja.

"Zikomo amayi, tadzuka bwino, kaya inu," anauza mtengowo.

Benchi lina linatsala pang'ono kugwa. Ngakhale agogo ena aamuna pakhonde, amene sanamve chilichonse, anaseka mpaka kutsokomola. Mayi Joyce anafotokoza zonse akupukuta misozi, mpaka za chitedze zomwe. Mayi Zuleka anadikira phokoso lithe.

"Kwathunso apongozi timawaopa, a Mbewe. Sindikuti mwambo ndi woipa. Koma ulemu ndi mphatso, umafuna woulandira. Amayiwa sakuonanso mkamwini waulemu. Akuona mlongo wawo akuwathawa nthawi zonse, ndipo sakudziwa chimene anamulakwira. Nanga ngati pampandapo amatuluka kukafuna inu?"

Christopher anadzuka, akusasa fumbi m'mawondo.

"Ndiye ndiziwanamiza kuti ndine malemu?"

"Ayi, bodza silikufunika. Akati Mcdonald, inu nenani kuti ndabwera. Kodi mumakhala musanabwere?"

Popita kunyumba Christopher anakankha njinga osakwera. Anapeza Ruth akuanula zovala, namufotokozera zimene namwino ananena, moyembekeza kuti mkazi wake akwiya m'malo mwake.

"Bambo a Anna," anatero Ruth, "ine ndikawagwira dzanja amandifunsa za jakisoni. Amene akumufuna ndinu."

"Nanga a ku Chitala akamva kuti ndakhala pamphasa ndi amayi? Ine amene amanditchula pophunzitsa anyamata?"

"A ku Chitala anatola miyala."

Ruth anapinda chitenje, nalowa m'nyumba.

Masiku angapo pambuyo pake kunagwa chizimalupsa, mvula yoyamba ija yongozimitsa moto wa m'tchire. Kunacha dziko likununkhira dothi. Christopher atafika pa loji anakumana ndi Paul, mlonda wa pageti, akuthamanga chipewa chili m'manja.

"A Mbewe, kapinga wanu! Bwerani muone nokha!"

Pakati pa bwalo, patsogolo penipeni pa khonde limene alendo amamwerapo tiyi, Anabanda anali akulima. Kapinga amene Christopher anamulera zaka zonsezo anali atagadabuzika, mizu ili m'mwamba, ndipo m'malo mwake munali mizere yowongoka ngati yoyezera chingwe. Mzungu wina ankajambula ndi foni, poganiza kuti ndi chionetsero chimene loji yakonzera alendo.

Koma kunja kwa mpanda wa waya kunali kutasonkhana anthu, ogulitsa nsomba ndi ena odutsa, ndipo iwo sankajambula.

"Alowa bwanji geti lili chotseka?"

"Si aja anagwa m'lichero ku Chitala?"

Paul anati analowera kugombe, kumene kulibe mpanda, koma palibe anamumva. Anayesa kulanda khasu. Anabanda analikweza m'mwamba, maso ali psuu, ndipo Paul anabwerera chafutambuyo.

Christopher anayamba ndi njira imene ankaidziwa. Ananjuta patali, atafulatira, nauza duwa lina kuti zikomo amayi, mwina tikanabwerera kunyumba. Duwalo silinayankhe, khasu linapitiriza kugwa. Kenaka kumpanda kuja wina anatchula mawu aja, mfiti, mosabisa.

Anaimirira. Thupi lonse linkayabwa ngati tsiku la chitedze. Anazungulira mizere mpaka kufika kumaso kwa apongozi ake, nakhala pansi pa dothi lonyowa ndi yunifolomu yake ya loji. Kenaka anakweza maso.

Aka kanali koyamba kuiona bwino nkhope imeneyo. Anaona mphini ziwiri zozilala patsaya. Anaona mpata pakati pa mano akutsogolo, womwe uja wa Anna, umene iye zaka zonsezi ankauza anthu kuti unachokera kwa a Mbewe.

Khasu linatsika pang'onopang'ono.

"Mcdonald. Unali kuti? Ndakufuna ponseponse."

"Ndabwera."

"Unkandithawiranji?"

"Kupusa basi. Ndasiya."

Anabanda anamumenya pabondo ndi chikhatho, osati mopweteka. Christopher anatambasula dzanja, iwo analigwira. Linali lolimba ngati khungwa, lofunda.

"Koma mvula iyi ndi chizimalupsa," anatero iye mosamala. "Sitibzala nayo."

"Ndani wati tikubzala? Ukuona mbewu apa? Tikuunda mizere, mbuzi iwe! Wamera imvi osadziwa nyengo?"

Ananena mokweza, ndipo kumpanda kuja wina anaphulika kuseka. Ena anatsatira. Mayi wina wa beseni la usipa pamutu anati amayiwa ndi mlimi, taonani mizereyo, amuna anga sangaiwongole choncho. Mnyamata wa kabaza anafunsa kuti ndi mfiti yanji yolimira anthu dzuwa likuswa mtengo. Gulu linayamba kumwazika, aliyense kukumbuka ntchito yake.

"Dothi ili ndi mchenga wokhawokha," anatero Christopher. "Munda wabwino uli uko. Tiyeni."

Anabanda anatapa dothi, nalifikisa pakati pa zala.

"Zoona. Anasankha malo ano ndani?"

"Ine."

"Ndinadziwa."

Anadutsa pakati pa msika atagwirana manja, khasu lili paphewa la Christopher, matope ali kumbuyo kwa buluku lake. Mayi Joyce atawaona akulowa pabwalo analuluta mpaka nkhuku kubalalika.

"Eee, a Mbewe! Ndiimbe foni ku Chitala, kapena mukanena nokha?"

Christopher anangodutsa. Anapita nawo apongozi kuseri kwa nyumba, kumene kapinga wake watsopano anali atangogwira, wanthete, wobiriwira ndi mvula ija. Anamuyang'ana kanthawi. Kenaka analavulira m'manja, nagwetsa khasu pakati pake.

Bambo Robert anawapeza ali pa mzere wachiwiri, Anabanda akulamula, Christopher akulima.

"Ndamva kuti atulukanso," anatero bambo Robert.

"Atuluka, bambo. Ankafuna munda ndi mlongo wawo. Zonsezo zili mkati mwa mpanda tsopano. Ine ndizifika m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito, nthawi imene iwo amanyamuka. Tipatseni mpaka chimanga chimere. Akatulukanso, ndidzakhala ndalephera ndine."

Bambo Robert anayang'ana mizere, anayang'ana Anabanda, amene ankauza Christopher kuti akulima ngati munthu wa m'tauni.

"Tione mvula," anatero.

Ku loji bwana analamula Christopher kubwezeretsa kapinga yense, ndipo anatero, ngakhale mpaka lero dzuwa likapendeka pamaonekabe timizere pabwalopo. Mvula yeniyeni inabwera mu Disembala. Anabzala chimanga, maungu m'mphepete. Anabanda sanachire, pakuti matendawa sachira. Kwa iwo Ruth adakali nesi. Masiku ena amalira osadziwa chifukwa, ndipo Christopher amangokhala nawo osafunsa. Kangapo anafika pampata wa nkhadze, koma iye akawauza kuti udzu wamera m'munda, ankabwerera akumukalipira chifukwa cha ulesi. Mayi Zuleka atabweranso kudzaona ophunzira awo, anapeza okalamba ena ali m'mundamo, wina akupalira, wina akungotsutsa mmene anzake akupalirira. Anayamika Mulungu nati Alhamdulillah, napempha nkhwani. Za ku Chitala komiti sinazitchulenso.

Chimanga chitamasula ngaiyaye, m'mawa wina wa mitambo, Christopher anali pamphasa ndi apongozi ake, akusadzula nkhwani. Anazindikira kuti manja awo aima. Atakweza maso anapeza akumuyang'anitsitsa, ndipo maso awo anali oyera ngati kumwamba mvula itangokata.

"Kodi si bambo a Anna inu?"

Miyendo yake inafuna kunyamuka. Anaikanikiza ndi zigongono.

"Ndine, amayi."

"Pamphasa panga? Kundiyang'ana m'maso?"

"Inde, amayi."

"Nanga nkhuku ndinakupatsani?"

"Ayi, simunandipatse."

Anabanda anapukusa mutu. Kenaka anacheukira kukhitchini.

"Mtsikana iwe! Gwira nkhuku yamawanga ijo upatse akamwini. Tachedwa nayo."

"Imeneyo ndi yanga, agogo!" anafuula mayi Joyce. Koma anali atavula kale masilipasi. Anaithamangitsa kuzungulira mtengo wa mango, kulowa nayo m'chimanga, kutulukira ku maungu, mpaka anaipanikiza pampanda. Anabwera nayo akupuma mwawefuwefu, nagwada monga mwa mwambo, naipereka kwa Christopher ndi manja awiri.

Pamene nkhuku inkafika, mitambo inali itabwerera m'maso mwa Anabanda.

"Mcdonald, nkhuku ya yani waba?"

"Mwandipatsa ndinu."

"Ine? Ndiye uisamale, ndi yoikira."

Christopher sanaiphe. Ili kunyumba kwake mpaka pano, yaswa kale anapiye, ndipo m'mawa uliwonse iye akamakwera njinga kupita kumunda wa apongozi, imakhala ikupalasa kakapinga kamene anabzala pakhomo. Amaiyang'ana, n'kuisiya.